Sanali katupe: zimene zinapha nsomba m'damu mwanga

Ndakhala masabata atatu osalemba kanthu pano, ena mpaka kufunsa mayi a kunyumba kuti kodi foni inagulitsidwa? Foni ilipo. Chimene chinanditseka pakamwa ndi manyazi. Lero ndati ndilembe basi, ndipo nkhaniyi ndi yayitali, amene bandulo yake ndi yochepa awerenge mopumira.

Ambiri munamva kuti nsomba zanga zinafa pakati pa Khisimisi ndi Chaka Chatsopano. Munamvanso kuti pali munthu anathira katupe m'damu mwanga, ena munamva ndi dzina lomwe. Dzinalo linachoka pakamwa panga, sindikana. Ndiye pakamwa pomwepa ndi pamene payenera kutuluka zoona zake. M'damu mwanga simunathiridwe katupe kapena mankhwala alionse. Nsomba zija tinapha ndife, ine ndi mwana wa mlongo wanga, ndi manja athu, uku tikuseka.

Kwa a m'tauni amene simunafike kuno chikumbireni damuli, lili kumunsi kwa dimba langa, mamita 20 m'litali, 10 m'lifupi, ndipo kozama madzi amandipitirira m'chiuno pang'ono. Ndinakumba ndi khasu, ine ndi anyamata anga awiri. Madzi ake amabwera pa ngalande imene timagawana ndi a dimba la kumtunda. Muli makumba ambiri, chilunguni pang'ono, ndi milamba yowerengeka imene ndinaikamo dala kuti izichepetsa tiana ta makumba, poti makumba akayamba kuswana sabwerera m'mbuyo, umangoona damu ladzaza tinsomba tosakula. Ndimazipatsa gaga, masamba a chinangwa, kholowa, chisoso, ndipo ndimathira zitosi za nkhuku ndi manyowa a mbuzi kuti madzi abiriwire.

Ukonde ndi wa kalabu, umayenda mozungulira, ndiponso kukoka ukonde kumafuna anthu, anthuwo sangabwerere chimanjamanja. Ndiye ndiwo za tsiku ndi tsiku zimatuluka ndi mbedza. Mlendo akafika nditsikira kudamu, nsomba zinayi kaya zisanu, nsima yalowa. Zikuluzikuluzo sindizikhudza, ndikagwira ndimabweza. Ndimazisungira Januwale, mwezi wa fizi ya mtsikana wanga wa Fomu 3 ndi feteleza wobereketsa. Chaka chino ndinali nditawerengera kale ndalama yake m'mutu, mpaka kugawa.

Mwana wa mlongo wangayu amagwira ntchito ku Joni, ichi ndi chaka chachisanu ndi chimodzi. Abwana ake ndi munthu wokonda kuwedza, Loweruka amamutenga kupita naye ku Vaal Dam, nthawi zina ku Hartbeespoort, kukawanyamulira katundu ndi kuotcha nyama. Ndiye matenda a mbedza naye anamugwira. Atafika kudzadya Khisimisi, asanavule ndi nsapato zomwe, akuti, "Ankolo, ndakubweretserani chinthu choti nsomba zanu zizibwera zokha." Ine n'kuti paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, tatsegula tione.

M'chikwamamo munali ndodo yowedzera yosolola ngati eriyo ya wailesi, ili ndi kagudumu kokulungira chingwe. Munalinso mapaketi a timibulu tokula ngati masawu, tina tofiira, tina tachikasu. Akuti dzina lake ndi ma boilies, anayambitsa ndi azungu a ku England. Amakanda ufa wa soya, wa chimanga, nthawi zina wa nsomba, kuswera mazira, kuthira zonunkhiritsa, kenako n'kuwiritsa kuti kunja kulimbe, tinsomba tating'ono tisamathe kunyenya. Pansi penipeni panali mabotolo anayi a madzi onata onyikamo nyambo: la sitiroberi, la nthochi, la vanila ndi la adyo. Atangotsegula limodzi, nyumba yonse fungo ngati shopu ya maswiti. Mdzukulu wanga anatola kambulu kofiira n'kuponya m'kamwa tisanamuone, analavula nkhope itakwinyika. Mayi a kunyumba anangoti, "Nsomba za ku Joni ndiye zikudya bwino kuposa ife."

Zonsezi akuti ndi za nsomba imodzi, carp. Anationetsa zithunzi pa foni. Abwana ake atagwada, atafukata chinsomba cha mamba akuluakulu, chachikasu kumimba, pakamwa pali ndevu zazifupi, kukula ngati mwana wa mbuzi. Akuti anachiika pa sikelo, makilogalamu 12. Mlamu wanga anafunsa kuti nanga munadya masiku angati? Mnyamata akuti, "Sitinadye, tinangojambula n'kuibwezera m'madzi." Pakhonde panati zii. Kenako agogo ake anafunsa ngati abwanawo ali bwinobwino m'mutu.

Ine carp si dzina lachilendo kwa ine. Pa maphunziro a kalabu alangizi a za nsomba anatifotokozerapo. Inabwera m'dziko muno mu 1976 kuchokera ku Israel, inkawetedwa ku Domasi, ku Zomba, ndipo alimi a kummwera anaikonda chifukwa imakula msanga komanso imapirira kuzizira. Koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 boma linaletsa kuifalitsa, poopa kuti ingathawire ku nyanja. Ndi m'bale wake wa matemba, ntchila ndi mpasa, banja limodzi, koma khalidwe lake ndi lofukula matope ngati nkhumba, kusaka chakudya pansi, madzi n'kuda bii. Ikalowa malo, kuichotsa n'kovuta kwambiri.

Usiku umenewo mnyamata anandinong'oneza kuti, "Ankolo, ulendo wina ndikhoza kubwera ndi tiana take m'chigubu, ndani angadziwe?" Ndisaname, mtima unagunda. Inu a kuno mukudziwa Juni ndi Julaye wa mapiri athu ano, kuzizira kwa ku Dowa ndi ku Ntchisi. Makumba amangokhala duu pansi, gaga ukathira amangoyandama mpaka madzulo, miyezi iwiri itatu nsomba osakula. Nsomba yoti idzidyabe nthawi imeneyo ndani angaikane? Koma damu langa lasefukirapo kawiri ndikuona ndi maso. Madzi a mapiri ano, kaya alowera ku Bua, kaya ku Lingadzi wa kuno kwathu, onse amathera ku nyanja. Mu Bua ndi mmene mpasa imakwera kudzaikira mazira pa miyala yoyera. Ndinakumbukiranso matenda a zilonda aja anabuka ku Mchinji mu 2020, mmene anatiletsera kusamutsa nsomba. Ndinamuuza kuti chigubucho adzabweretsemo mafuta ophikira. Pamenepa pokha ndi pamene ndinaganiza bwino sabata imeneyo.

Kutacha tinatsikira kudamu, ana a m'mudzi ali pambuyo ngati kukubwera gule. Iye ndi ndodo yake ya eriyo, ine ndi kansungwi kanga, ulusi, kambedza kakang'ono ndi kachidutswa ka patapata yakutha koyandamitsa. Nyambo yanga ndi yomwe ija ya masiku onse: nsima yolimba ya mgaiwa, kukandira gaga, kuwaza chimera pang'ono, n'kusiya usiku umodzi kuti iyambe kusasa. M'kachitini ndinali ndi nyongolotsi za pansi pa nthochi.

Poponya koyamba mnyamata anaiwala kuti sali ku Vaal. Chingwe chinadutsa damu lonse n'kukakodwa pa nzimbe tsidya lija. Ana kuseka mpaka kugwa. Kachiwiri anaponya bwino, n'kukhala pansi kudikira. Ine ndinapita pa ngodya imene ndimathirira gaga, n'kugogoda ndowa kawiri ngati mwa masiku onse. Madzi anayamba kutakataka mbedza isanalowe. Dzuwa lisanafike paliwombo ndinali nditatulutsa makumba 9, akuluakulu ndikubweza. Iye olo imodzi. Tikayang'ana nyambo yake ili chimodzimodzi, yangosuluka mtundu. Kamwa la kumba ndi laling'ono, silingameze chinthu chonga sawu, cholimbanso. Paja anachilimbitsa dala kuti nsomba zazing'ono zilephere, ndiye m'damu mwanga zonse ndi zazing'ono.

Koma ndisamunyoze kwambiri mwana wa eni, chilungamo chiyende. Chakumadzulo anadula kambulu pakati, kunyika m'botolo la adyo, n'kuponya kozama. Posakhalitsa kagudumu kanalira, ndodo n'kupindika ngati uta. Anatulutsa mlamba wotalika ngati mkono wanga, umene ineyo ndakhala ndikuusaka chaka chathunthu ndi matumbo a nkhuku osaugwira. Mlamba uli ndi ndevu 8 ndipo umalawa nazo, umasaka ndi fungo usiku ngakhale m'madzi amatope. Chinthu chonunkha mwamphamvu ndiye chake. Pamenepo mnyamata anayenda ngati tambala, ndipo ine ndinayamba kuwaona mabotolo aja ndi diso lina.

Masiku awiri otsatira ndinayesa ndekha, poti sindikonda kungomva. Nsungwi ziwiri, malo amodzi, nsima imodzi, ina ndadonthezera la nthochi, ina ayi. Tsiku loyamba yonunkhira inagwira 5, inayo 4. Tsiku lachiwiri yonunkhira 3, inayo 4. Ndiye mundiuze inu kusiyana kwake. La sitiroberi nditachulutsa, makumba ankangofika, kugunda kamodzi n'kubwerera. La vanila mayi a kunyumba analanda, akuti likuonongeka chabe, ngakhale ndinawaletsa kuthira m'zitumbuwa poti si la anthu.

Mmene ndikuonera ine ndi mmenemu. Nsomba imanunkhiza, zimenezo n'zoona, ndipo m'madzi obiriwira ngati anga siiona patali, imatsata fungo. Koma ku Vaal munthu amaitana nsomba ili kutali, m'madzi oti tsidya lina suliona bwino, mmene aliyense akuponya chimanga chofanana, ndiye fungo lako liyenera kuposa la mnzako. M'damu mwanga mulibe kutali. Nsomba yotalikira kwambiri ili mapazi 20 kuchokera pamene ndaima. Ndiponso nsomba zanga zinakula ndi gaga wanga, zimadziwa fungo lake, nthawi yake, ngodya yake, kulira kwa ndowa ndi chithunzithunzi changa pamadzi. Zinaitanidwa kalekale. Zimenezi ndikuzinena bwino lero. Tsiku limenelo ndinali nditaledzera ndi mlamba uja.

Ndiye mnyamata anati, "Ankolo, vuto ndi lakuti sitinazizoloweretse. Abwana amayamba athira chimanga chophika ndowa zingapo pamalo amodzi, masiku angapo, kuti nsomba zikuluzikulu zisonkhane. Pa mbedza pomwe amamatapo chibulu cha mgaiwa, amati mieliebom. Tikatero zazikulu zonse zibwera pamodzi, pa 31 tidzangotola." Ine ndinaona kuti ndi nzeru, poti ukonde wa kalabu unali kwa anzathu ena mpaka pakati pa Januwale. Ndinati mwina ndigulitsa ndi mbedza yokha, Chaka Chatsopano mitengo ili bwino.

Tinaphika chimanga chosakonola ndowa yathunthu, ija ya malita 20. Tinathiramo paketi ya shuga, masese otsala ku mowa wa Khisimisi beseni limodzi, ma boilies ophwanya mapaketi awiri, ndi theka la botolo lililonse. Fungo lake mpaka agalu kutilondola. Tinathira madzulo atatu otsatizana, pamwamba pa gaga wa masiku onse, poti gagayo sindinasiye. Onjezani izi: sabata yomweyo ndinali nditathira matumba awiri a zitosi chifukwa mvula inasulutsa madzi. Onjezaninso kuti ngalande ndinali nditatseka, poti imabwera yofiira ndi dothi la m'minda. Kenako kunagwa mvumbi, masiku atatu dzuwa osaoneka. Chilichonse mwa izi pachokha ndinkachidziwa. Kuziphatikiza pamodzi ndi kumene sindinachite.

Pa 28 mbandakucha mayi a kunyumba anatsikira kudimba kukathyola ndiwo. Ndinangomva, "Bambo! Bambo, tabwerani!" Mawu ake ndinadziwiratu kuti si njoka. Ndinapeza damu lonse milomo yokhayokha pamwamba, nsomba zikuyasamula ngati zikupempha kanthu. M'mbali munali thovu, zina zitagona chagada, mimba zoyera. Ndipo zinali zikuluzikulu zija, za fizi zija. Ndinalowa m'madzi ndi zovala, osadziwa chimene ndikukachita. Pofika 8 koloko tinali titaunjika 143 pa udzu.

Apa ndi pamene ndinalakwa kulakwa kwenikweni, koposa kwa chimanga kuja.

Pakhoma la damu, mbali ya kumtunda, panali mapazi a jombo. Ine jombo ndilibe. A dimba la kumtunda ali nazo. Ndipo inu a kuno mukukumbukira kuti mu Okutobala tinakangana za madzi a ngalande mpaka nkhani kukafika kwa amfumu, ndipo potuluka pabwalo iwo ananena kuti tiona ngati damulo lifike patali. Kuyambira tsiku limenelo moni wawo sindinkayankha. Ndiye nditaona jombo, mutu wanga unamaliza mlandu pompo, woweruza ndine, mboni ndine. Mayi a kunyumba anandigwira mkono, akuti, "Bambo, musatchule munthu, simunamuone." Ndinatchula. Ndinatchula pa damu pomwepo anthu atadzaza, ndinakatchulanso kuchigayo masana ake.

Mawu akatuluka amamera miyendo. Ine ndinati katupe. Pofika madzulo anthu ankati mankhwala a tomato. Kutacha ankati mankhwala a makoswe. Ndiye taganizani, ndani angagule nsomba za poizoni? Amayi awiri a pa msika amene amandigula nthawi zonse anafika ndi mabeseni awo, atamva nkhaniyo anabwerera. Ifenso tinaopa kudya kapena kuwamba. Tinakumba dzenje pafupi ndi nthochi n'kukwirira zonse 143. Mtsikana wanga anaima poteropo akuona fizi yake ikulowa m'dothi, osalankhula kanthu. Mnyamata wa ku Joni naye anali chete, mwina mtima wake unali utayamba kale kumuuza.

Alangizi anafika tsiku lachitatu pa njinga yamoto. Ndinayamba kuwafotokozera za jombo, iwo anati za jombo tikamba pambuyo. Anandifunsa mafunso ngati a kuchipatala. Zinayamba nthawi yanji? Ndinati mbandakucha. Dzuwa litatuluka zotsalazo zinatani? Ndinati zinatsikira pansi, kutacha zinabweranso pamwamba koma pang'ono. Zinafa zazikulu kapena zazing'ono? Zazikulu. Milamba? Olo umodzi. Nanga mbululu ndi tizilombo ta m'madzi? Ndinayang'ana m'mbali, mbululu zili yakaliyakali, zikusewera. Anapukusa mutu n'kupempha ndowa ndi nsungwi yaitali. Anapala pansi pa ngodya imene tinkathira paja. Chimene chinatuluka, abale, chimanga chathu chonse chili chomwecho, chotupa, chakuda, matope ake akununkha ngati dzira lovunda losakaniza ndi sitiroberi. Makumba sangameze njere yathunthu ya chimanga. Carp ili ndi mano kukhosi ophwanyira zoterezi, makumba anga ayi. Chinangomira n'kuyamba kuola.

Anandifotokozera modekha, anthu akumva. Nsomba imapuma mpweya umene uli m'madzi. Kubiriwira kwa madzi kuja ndi tizomera tating'onoting'ono, dzuwa likawala timapanga mpweya, koma usiku natonso timaugwiritsa ntchito. Chinthu chilichonse choola pansi chimadyanso mpweya womwewo, usana ndi usiku. Ndiye ine ndinachulutsa zoola, kuonjezera zitosi, kutseka madzi atsopano, dzuwa n'kubisala masiku atatu. Mpweya umachepa kwambiri kukamacha, ndipo yoyamba kukomoka ndi nsomba yaikulu poti imafuna wambiri. Mlamba supanikizika chifukwa umatha kukwera pamwamba n'kumeza mpweya wa kunja. Akanakhala mankhwala, akuti, sakanasankha nthawi ya mbandakucha, tating'ono tikanayamba kufa, mbululu sizikanatsala. Anatinso ndikanatsegula ngalande nthawi yomwe ija, ngakhale madzi ofiira omwewo, n'kumatunga madzi ndi ndowa kuwakhuthulira kuchokera m'mwamba, zambiri zikanapulumuka. Ine m'malo motsegula ngalande ndinali kuyeza jombo. Ndipo zimene tinakwirira zija, zongofa kumene zija, zinali zodyeka bwinobwino.

Mnyamata anayesa kunena kuti koma ku Joni amathira zoposa pamenepa. Alangizi anaseka pang'ono, akuti ndowa imodzi mu Vaal ili ngati njere imodzi m'nkhokwe, koma ndowa yomweyo muno ili ngati kuthira thumba la mchere mu mphika wa ndiwo. Sanatikalipire. Zikanakhala bwino akanatikalipira.

Ndinagona masiku awiri ndikutembenuka. Ndinamva kuti mayi a kwa anebawo akafika pa mjigo, anzawo amasuntha zidebe. Mwana wawo anabwera kusukulu ya Sande akulira, anzake akumutcha mwana wa wopha nsomba. Zonsezo chifukwa cha pakamwa panga. Tsiku lachitatu ndinagwira tambala wanga wofiira uja, ndinapempha nduna ya amfumu kuti indiperekeze, n'kukwera kumtunda.

Anatilandira, anatipatsa mipando. Ndinalankhula zonse mmene ndalembera panomu. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Jombozo ndi zanga ndithu. Njira ya kumunsi inadzaza madzi, ndiye ndimadutsa pakhoma la damu lanu popita kukaona mbatata. Tsiku lachiwiri lija ndinamva fungo lowawasa, ndinaonanso tithovu tikutuluka pansi. Ndinadziwa kuti damu ladwala. Ndinaima, ndinayang'ana kunyumba kwanu. Koma ndikanakuuzani bwanji, achimwene, poti moni wanga simuyankha?"

Ndinalibe poyankha. Tambala analandira. Anati za Okutobala zija nawonso analankhula mopsa mtima, koma dzina lawo ndi limene likuwawawa, ndipo tambala sangakalowe m'makutu mwa anthu onse amene anamva. Ndinawalonjeza kuti ndikanena kutchalitchi, kuchigayo ndi pano pa Facebook pamene a m'tauni anamvera. Kutchalitchi ndinanena Lamulungu lapitali. Kuchigayo ndinanena Lachiwiri. Kwatsala kuno.

Damu likuchira. Tinaphwetsa theka la madzi, kupala matope a pangodya paja mawilibala 6 n'kukathira ku nthochi, kulowetsa madzi atsopano, sabata yathunthu osathira gaga kapena zitosi. Zotsala ndi zapakati ndi zazing'ono, mwina pofika Epulo zidzakhala zogulitsika kuzizira kusanayambe. Fizi tinalipira pogulitsa mbuzi yaikazi, imene sindinkafuna kuigulitsa. Feteleza wobereketsa ndinathira theka la munda, theka linalo mudzaliona nokha mukadzabwera, silibisika. Mwana wa mlongo wanga atabwerera anatumiza kangachepe, ndipo amaimba Lamulungu lililonse kufunsa za nsomba asanafunse za amayi ake. Musamunene, anabwera ndi mtima wabwino. Iye amadziwa madzi aakulu, amene amadziwa damuli ndine, ndipo ndowa ija ndinanyamula ndine.

Ena a m'kalabu mwakhala mukundifunsa kuti ndiye zonunkhiritsazo tizisiye? Ine sindinatero. Pa mbedza, kadontho kamodzi, palibe chimene chingaonongeke. Kungoti kwa makumba musataye ndalama, nsima ya mgaiwa ya chimera kapena yokandira nthochi yakupsa kwambiri imagwira chimodzimodzi, nyongolotsi ndiye osanena, ndipo nthawi ya ngumbi palibe botolo lingapose ngumbi. Kwa mlamba, adyo amagwira ndithu, ndayesanso ndi adyo wa pa msika wosinja, kupaka pa matumbo a nkhuku, wagwira iwiri. Chothira m'madzi choitanira nsomba ndi chimene ndachepetsa, tsopano ndi gaga wodzaza dzanja limodzi basi, pa ngodya yomwe ija, ndipo tsiku limenelo ndimachotsera pa chakudya chake. Kukachita mitambo masiku awiri sindithira kanthu, ndipo ndimadzuka nkhuku zisanatsike kukaona ngati pali milomo pamwamba. Chinanso chimene ndazindikira, nsomba yozolowera kubwera pa kulira kwa ndowa siifunsa kuti wagogoda ndani, ndiye ngodya yothirira ndaisamutsira mbali yoonekera kunyumba.

Amene munatumizirana nkhani ya katupe pa WhatsApp, m'magulu a kumudzi ndi a ku Lilongwe, chonde tumizaninso iyi m'magulu omwewo, musadumphe ndi limodzi lomwe. Amayi a pa mjigo, amene muli ndi foni awerengereni anzanu. A dimba la kumtunda alibe mlandu. Dzulo tinakonzera limodzi ngalande pamene inagumuka, iwo ndi jombo zawo, ine chosavala.

Ma boilies paketi imodzi yatsala, ndi mabotolo atatu a theka, ali pa alumali pamwamba poti mdzukulu uja sanatayebe mtima. Wofuna kuyesa pa mbedza abwere adzatenge la sitiroberi kapena la nthochi. La adyo sindipereka.